Zipolopolo za Mbale ya Ufa

Ana inu, manja aziyenda pamene makutu akumva, chimangachi sichidzitongola chokha. Ndakumvani kuyambira m'mawa mukudandaula kuti sopo wakwera, mayunitsi a foni akwera, ngati kuti kukwera kwa zinthu kwayambira pa inu. Iwe Tadala mpaka kugwira m'chiuno ngati mayi wa ana asanu. Lekani ndikuuzeni za chinthu chimodzi chimene ndinachiona chikukwera mtengo kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi zitayamba kuonekera, kenako n'kutsika mwadzidzidzi moti ngakhale wosauka ankachikwanitsa. Chinthu chake ndi chipolopolo.

Musaseke. Ine mfuti sindinaombepo, ndipo ikamalira ndinkatseka makutu ndi zala. Koma mtengo wa chipolopolo ndinkaudziwa kuposa agogo anu aamuna, malemu a Zuze, chifukwa mfuti inali yawo koma nkhuku zogulira zipolopolo zinali zanga.

Inu mwakulira pa ufa wa m'sitolo, ndiye muyenera kumva kaye chifukwa chimene mlimi ankasungira mfuti. Kwathu kwa Mlolo munda wakumtunda sudalirika. Chaka china mvula imakana mapira n'kuuma ali chiimire, chaka china madzi amasefukira n'kukokolola zonse pamodzi ndi nkhokwe. Moyo wathu weniweni unali kudimba, m'mbali mwa dambo, kumene tinkadzala chimanga ndi mbatata motsatira madzi akamaphwa. Koma dimbalo sitinkalifuna tokha. Mvuu nazo zinkaliwerengera. Mvuu imodzi ikalowa m'munda, kukacha umangopeza matope, ndowe ndi mapesi othyokathyoka, thukuta la miyezi yonse litapita. Agogo anu sanali mlenje wosaka ndiwo ayi. Ntchito ya mfuti yawo inali kulondera dimba, lathu ndi la anthu oyandikana nafe. Nthawi zambiri ankangoombera pafupi kuti chilombocho chimve moto n'kuthawa, pakuti kupha mvuu kunkafuna chilolezo cha boma.

Mfuti yake inali yothyola pakati, ya mpope umodzi, imene anasiyiridwa ndi amalume awo. Anzawo ambiri anali ndi gogodela, zija zothira onga kukamwa n'kusinja ndi kachitsulo, ndipo agogo anu ankawayang'anira pansi pang'ono. Kunyada ankanyada ndithu, ndisawabisire. Akamapita kuboma kukadula laisensi ankavala jekete ngakhale kutentha kwa kuno mukukudziwa, khadi la chipani lili m'thumba la pamtima, chifukwa masiku amenewo popanda khadi ngakhale mumsika sunkalowa.

Nditangokwatiwa, dziko litangolandira kumene ufulu, zipolopolo tinkagula kwa mmwenye wina wa sitolo ku Chiromo. Ndinkanyamula tambala mmodzi wonenepa, kumugulitsa pasiteshoni, ndipo ndalama yake inkagula zipolopolo zodzaza dzanja, n'kutsalako ya mchere. Zinali zofiira, zapepala lolimba, kumatako kwake kuli chitsulo chonyezimira. Agogo anu akaomba, khoko ankangolitaya muudzu, ana n'kumatola kuti aziimbira likhweru. Ndikakumbukira makoko amene tinataya zaka zimenezo mtima umandipweteka mpaka lero.

Kenako ndalama zinasintha, mapaundi ndi masheleni zinapita, kunabwera kwacha ndi tambala. Anatiuza kuti mtengo wa zinthu ndi womwewo, dzina lokha ndi limene lasintha. Mwina zinali zoona kwa anthu odziwa masamu, koma nkhuku yanga inayamba kubwera ndi zipolopolo zochepa. Pasanapite zaka zambiri kunabwera lamulo loti amwenye achoke m'midzi akachitire malonda m'matauni. Sitolo ya ku Chiromo inatsekedwa, ndipo wofuna chipolopolo anayenera kukwera sitima mpaka ku Limbe. Ulendo wake unali wa tsiku lathunthu, sitima ikukwera mapiri mochita kupuma, iwe utakhalira mtolo wa nsomba zouma za munthu wina. Tsopano pa mtengo wa chipolopolo panaonjezekera tikiti, chakudya cha panjira ndi pogona. Nkhuku inasiya kukwanira, tinayamba kulankhula za mbuzi. Palibe amene ankadandaula mokweza, paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Tinkangong'ung'udza m'nyumba, chitseko chili chotseka.

Apa m'pamene agogo anu anasiya kutaya makoko n'kuyamba kuwadzazanso okha. Iwe Yohane, ukuti unaonapo zimenezi pa foni? Zimene unaonazo ndi za anthu a makina. Ife makina athu anali msomali, kamtengo kosema, phale ndi kansonga ka nyanga ya mbuzi kopimira onga.

Ntchito imeneyi inkachitika masana, pansi pa mtengo wa bwemba, kutali ndi moto wophikira, ana atathamangitsidwa. Agogo anu ankayamba ndi kugogoda kachitsulo kakang'ono ka kumatako kwa khoko, kamene kamayatsa onga, ife tinkangokatchula kuti kadiso, n'kuikapo katsopano. Akatero ankapima onga ndi kanyanga kaja, kudzaza mpaka m'milomo n'kusalaza ndi chala. Pamwamba pa onga pankapita thonje, ndipo imeneyo inali mbali yanga: ndinkapatula thonje pang'ono tisanapite nalo kumsika, kulichotsa njere n'kuliumba timipira. Kenako mtovu, kenako kachidutswa ka bulangete lakale, n'kumata pakamwa ndi phula la njuchi. Khoko limodzi linkadzazidwa mpaka pepala lake litafewa ngati nsanza.

Poyamba zinkaoneka ngati tapeza njira yozembera umphawi. Mtovu tinkaupeza ulere, m'mabatire akale a galimoto amene ankangotayidwa kuseri kwa fakitale ya thonje. Onga wakuda tinkagula kwa nkhalamba ina ya kutsidya kwa mtsinje wa Ruo imene inkapanga yokha, ndipo njira yake sinkaulula ngakhale kwa mwana wake. Botolo laling'ono linali nkhuku imodzi ndipo linkatha nyengo yonse ya dimba. Koma chinthu chikangodziwika kuti n'chofunika, chimamera mtengo. Asodzi anayamba kufuna mtovu womwewo wolemeretsera maukonde, mabatire aja anapeza eni ake. Nkhalamba ija inaona kuti anthu akuchuluka pakhomo pake, botolo linachepa, nkhuku zinakhala ziwiri. Timadiso tinasowa m'masitolo, agogo anu n'kumayesa kukonza takale ndi mitu ya machesi, ndipo nthawi zina mfuti inkangoti kha, osalira, mvuu ikuwayang'ana.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuchigwira bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Onga uliwonse watsopano agogo anu ankayamba auyesa. Ankatapa pang'ono ndi zala, kuika pa phale, n'kuukhudza ndi khala la moto. Onga wabwino umangoti phu kamodzi, utsi woyera n'kukwera, pa phale osatsala kanthu. Ukayaka mwaulesi, ukuthetheka pang'onopang'ono, ndiye kuti ndi wofooka kapena unalowa chinyontho, ndipo wotero umafuna kuuyanika padzuwa n'kuonjezera muyeso. Anaphunzira zimenezi kwa amalume awo, amalumewo kwa akuluakulu awo, ndipo njira imeneyi inali isanawanamizepo.

Zaka zinapita, ana anabadwa, ena tinaika m'manda. Amayi anu Esinati anali chitsirizira, anabwera ine nditayamba kale kuganiza kuti ndamaliza. Ali wamng'ono choncho, nkhondo ya ku Mozambique inafika pachimake. Anthu anayamba kukhamukira kuno, ena kudzera ku Marka, ena kuwoloka Ruo usiku ndi usana, mitolo pamutu, ana kumsana. Ambiri anali abale athu ndithu, chilankhulo chimodzi, maliro tinkalirirana kuyambira kale. Banja lina, la a Juwaki, tinalipatsa malo kuseri kwa khola lathu kuti limange kachisakasa. A Juwakiwo anali munthu wofatsa, wolankhula motsitsa, ndipo akamva chitini chagwa ankadzidzimuka thupi lonse.

Chaka chimenecho mvula inakana kumtunda, kenako madzi anabwera ochokera kumapiri n'kumaliza zotsala. Tinkadya nyika, timizu tija ta m'dambo timene timachita kumira pokazula, uku tikuopa ng'ona. Munthu wamkulu nyika amapirira nazo, koma mwana wongosiya kumene kuyamwa sizimugwira m'thupi. Esinati tsitsi linayamba kufiira, mapazi kutupa, kulira kwake kunali kwa kamwana ka mphaka. Ndinkachita mantha kumusambitsa chifukwa choona nthiti. Chiyembekezo chathu chonse chinali chimanga cha kudimba, chimene chinali chitayamba kumasula ngaiyaye. Chikanangofika pokhwima, mwanayo akanapeza phala lenileni. Koma mvuu nazo zinali ndi njala, ndipo mapazi ake tinkawapeza m'mawa uliwonse akuyandikira malire a munda.

Onga unali utatha. Nkhalamba ya kutsidya ija inathawa nkhondo, sitinadziwe kumene inalowera. Zipolopolo za ku Limbe zinali zitafika poti mbuzi yathunthu inkagula zochepa zokha ukachotsa za sitima. Nkhuku zinali zitapita kale kogula madeya. M'khola munatsala mbuzi imodzi yaikazi, ya bere. Ndinawauza agogo anu kuti aitenge akagulitse, akagule zipolopolo ngakhale zitakhala zowerengeka. Anakana. Anati mbuziyo ikabereka mwana apeza mkaka, ndipo iwo sangasinthanitse mkaka wa mwana ndi utsi. Tinakangana mpaka ndinalira, koma a Zuze akanena kuti ayi, ngakhale mutaitana mfumu.

Masiku omwewo zipolopolo za nkhondo zinali mbwee m'midzi ya m'malire. Zinali zazing'ono, zosongoka, zachitsulo chokhachokha, ndipo zinkayenda mobisa m'matumba a mchere ndi m'mitolo ya zovala. Taganizani, chinthu chimene moyo wanga wonse chinkangokwera, tsopano chinali chotchipa kuposa tomato. A Juwaki anali nazo zodzaza kachitini, anati anazitola panjira pothawa, poganiza kuti mwina zidzawagulira chakudya kutsogolo. Tsiku lina ana awo atagona ndi njala kawiri, anabwera nazo kwa agogo anu atazikulunga m'kansanza, n'kupempha mbale imodzi ya ufa. Ufa wake unali wa madeya, womwe tinkapatsako Esinati. Ndinawapatsa ndi dzanja langa, ndipo sindinadandaulepo, pakuti ana awo nawo anali ana.

Zipolopolozo m'mfuti yathu sizikanalowa, agogo anu ankadziwa. Chimene ankafuna chinali onga wa m'kati. Anazula mitu ndi pulayala n'kukhuthulira onga wonse m'chikho. Sunali wakuda ngati umene tinazolowera, unali wotuwira, timbewu take tating'ono ngati mawere. Anatapa pang'ono, kuika pa phale, n'kukhudza ndi khala. Sunati phu. Unayaka mwaulesi, kalawi kachikasu kakuyenda pang'onopang'ono, utsi wosaoneka n'komwe.

Agogo anu anapukusa mutu n'kuseka. "Mayi a Esinati, taonani onga umene akuphera anthu kutsidyaku. Wa ana uwu. Wanyowa m'dambo pobwera."

Anafunsa a Juwaki ngati ankadziwa kapimidwe kake. Iwo anangoti, "Nkhabe, pai, sindidziwa. Ine ndine mlimi, mfuti ndimangoithawa."

Ndiye agogo anu anachita zimene anaphunzitsidwa. Anauyanika padzuwa pa lichero, ndipo podzaza khoko anathira kanyanga kodzaza, n'kuonjezanso kena. Ine ndinali pomwepo ndikuumba thonje, ndipo ndinaona kuti akuchita zanzeru. Aliyense wa m'mudzi mwathu wodziwa mfuti akanachita chimodzimodzi. Tinadzamva pambuyo pake kuti onga wa asilikali ndi wa mtundu wina: pamtetete umayaka ngati waulesi, koma ukautsekera m'chitsulo ukali wake umaposa wakuda uja kutalitali. Phale limene linkanena zoona zaka zonse zija, pa onga uwu silikanatha kutiuza kanthu.

Chiyambire kudula kwa zipolopolo, agogo anu anali atasiya kuombera pachabe. Tsiku limenelo, poona kuti onga ulipo wambiri, anati ayese chimodzi pa chulu cha kuseri kwa nyumba dzuwa lisanapendeke, kuti madzulo apite kudimba ali ndi chikhulupiriro. Ndinabereka Esinati n'kuima patali, zala m'makutu. Ngakhale ndinatseka choncho, ndinamva kuti kulira kwake si kwa masiku onse. Kunali kouma, kong'ambika. Nditatsegula maso ndinaona agogo anu atakhala pansi, akuyang'ana dzanja lawo lamanzere, limene linkagwira mpope. Mpopewo unali utayasama ngati nthochi yosenda. Chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira panalibe.

Sanakuwe. Chimene ananena choyamba n'choti zitsulo za zipolopolo zija pamodzi ndi onga wotsala zikatayidwe mumtsinje anthu asanasonkhane, chifukwa zikanapezeka, a Juwaki akanatengedwa ndipo sitikanawaonanso. Masiku amenewo munthu wopezeka ndi zida za nkhondo sankafunsidwa kawiri. Kwa onse amene anafunsa, agogo anu ankangoti mfuti inali yokalamba, yatopa. Tinawamanga ndi mpango wanga, a Juwaki n'kuwakweza pa njinga yobwereka mpaka kuchipatala cha mishoni.

Mbuzi ija inagulitsidwa sabata yomweyo, bere lake lili momwemo, kuti tilipire kuchipatala ndi kugula chakudya cha wodwala. Ndinaitsekulira ndekha khola. Sindinawauze agogo anu mpaka atatuluka, koma anadziwa atangoona chingwe chili pamsomali.

Ine ndili kuchipatala ndi mwana kumsana, kudimba kunatsala a Juwaki ndi akazi awo. Ankasonkha moto m'malire ndi kuimba zitini mpaka manja kutupa, munthu woopa phokoso uja. Koma mvuu yanjala chitini imachizolowera. Zinalowa ndithu, n'kudya mbali yonse ya kumunsi, yomwe inali ndi chimanga chabwino. Kunatsala kachigawo ka kumtunda, kamene sikakanatifikitsa patali.

Titabwerera kunyumba, a Juwaki anabwera atanyamula mbale ya ufa woyera, wa chithandizo chimene othawa nkhondo anali atayamba kulandira. Anagwada pakhomo, kuika mbaleyo pansi, osatha kuyang'ana agogo anu kumaso. Anati akubweza mtengo wa zinthu zija, popeza zinabweretsa tsoka pakhomo pa anthu amene anawalandira.

Agogo anu anakankhira mbaleyo kwa iwo ndi dzanja labwinolo. "Malonda aja anatha, achimwene. Inu munagulitsa chitsulo, wopima onga ndinali ine. Kadyetseni ana."

A Juwaki anakana kuinyamula, agogo anu anakana kuilandira, mbale ili pakati. Ine ndinaitenga n'kukaphika phala la ana a nyumba zonse ziwiri, chifukwa ulemu wa amuna ukanatha kuumitsa ana ndi njala.

M'mawa mwake agogo anu anati tipite kudimba. Ndinawaletsa, pakuti bala linali lisanapole, koma ananyamuka, ine n'kutsatira ndi makasu awiri ndi kambewu kamene ndinabisa m'nsupa. Titafika anaima nthawi yaitali akuyang'ana pamene mvuu zinadya. Ndinkaganiza kuti akulira munda, kapena mfuti, kapena zala. Kenako anagwada n'kukumba pansi ndi dzanja lamanja, kufinya dothi, n'kundionetsa. Linali likadali lonyowa. Pamene mvuu zinapondaponda chinyontho chinali chisanathawe, ndipo tikanadzala masiku omwewo, chimanga chikanatha kucha dzuwa lisanaumitse nthaka. Tikanadikira kuti bala lipole, tikanapeza fumbi.

Anatenga khasu, kulikweza, ndipo linapulumuka n'kugwera kumbali. Anayesanso, linagwanso. Zala ziwiri sizigwira mpini, ana inu. Ine ndinayang'ana kumbali kuti asaone kuti ndaona. Ndinawauza kuti akhale pamthunzi ndi mwana, ndilima ndekha. Anayankha kuti munthu mmodzi sangathamangitsane ndi dzuwa la kuno.

"Ng'ambani chitenje chanucho," anatero. "Mundimangirire dzanjali kumpini."

Ndinang'amba m'mphepete mwa chitenje chimene ndinaberekera Esinati, n'kuyamba kukulunga dzanja lija pamodzi ndi mpini. Ndinkamanga mofewa, poopa kuwapweteka, misozi ikugwera pansanzapo. Iwo anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Mangitsani, mayi a Esinati. Chisoni mudzandimvera tikakolola."

Ndinakoka mfundo ndi mano. Tinalima mpaka dzuwa kufika pamutu, nsanza ija itasanduka yofiira, ndipo mawa lake ndinang'ambanso ina. A Juwaki anabwera ndi khasu lawo osaitanidwa, ndipo iwo ndi agogo anu anakumba ngalande yakuya kumbali ya dambo, imene mvuu inkafika n'kubwerera, pakuti ndi yolemera ndipo imaopa dzenje. Chitenje chija chinatha chonse m'nyengo imeneyo, moti mwanayo ndinkamuberekera m'thumba la feteleza.

Chimanga chinamera, ndipo chinacha. Chitangoyamba kulimba, ndinathyola zinayi zoyambirira, kuzisinja zikadali zaziwisi n'kuphika phala. Agogo anu anamukhazika Esinati pamwendo n'kumamudyetsa okha, mbale ataipanira pachifuwa ndi dzanja la zala ziwiri lija. Mwanayo anamaliza yonse, kenako anagwira sipuni n'kulira kuti akufuna lina. Aka kanali koyamba m'miyezi yambiri kumumva akulira ndi mawu a munthu. Agogo anu anandipatsa mbale ija, maso ali pa mwana, n'kunena kuti, "Muonjezereni."